Nyumba Yoyamba ya Acinyamata

Malemba a phunziro ili: Yeremiya 32:6-15, Luka 14:28-30

Masiku a makolo nyumba sinali kanthu kogula ndi ndalama. Mnyamata atakula, naturuka m'mphala kuti akwatire, analowa m'thengo ndi nkhwangwa yace kukadula nsici ndi mapaso, nasenda luzi. Akazi anamweta udzu, natunga madzi omatira. Anzace anadza kudzamthandiza kukweza denga, ndipo malipiro ao anali nsima ndi thobwa. Pakati pa Acewa ndi Ansenga mkamwini anamanga kwao kwa mkazi, pa malo amene apongozi anamlozera. Pakati pa Angoni a kwa Mpezeni mwana wamwamuna anamanga pafupi ndi atate wace. Mwezi usanathe, utsi unali kuturuka pa denga latsopano. Panalibe wofunsa mtengo wa nthaka, pakuti nthaka inali ya mudzi, ndipo nyakwawa sanakanize mwana wa mudziwo pomanga.

M'midzi yambiri ya kum'mawa mwambo uwu ukalipo, cinkana njerwa zooca ndi malata zalowa m'malo mwa nsici ndi udzu. Koma ana ambiri a midzi yomweyo ali tsopano ku Lusaka, ku Chipata ndi ku migodi, ndipo kumeneko zinthu ziri mwina. Mwamuna wa zaka 30, wa mkazi ndi ana awiri, wogwira nchito tsiku ndi tsiku wosadumpha, akhala m'cipinda cimodzi ca mwini, cogawidwa pakati ndi nsaru, nalipira lendi mwezi ndi mwezi. Amai ace akadza kudzaceza aona zimenezi, nabwerera kumudzi mtima uli wolemera, nafunsa kuti, Kodi mwana ameneyu ndalama zace azitaya kuti? Funso limeneli lapweteka ana ambiri osalakwa. Ena, pofuna kucotsa manyazi pamaso pa makolo, athamangira ngongole yosatha kuibweza, kapena agula malo kwa munthu amene si mwini wace, nataya m'tsiku limodzi zimene anasunga zaka zisanu. Cifukwa cace kuyenera kuti makolo ndi akuru a Mpingo adziwe umo nyumba ipezekera ku tauni masiku ano, kuti uphungu wao ukhale wothandiza.

Umo bvutoli linayambira

M'masiku a Boma la Angerezi munthu wakuda ku tauni anayesedwa mlendo, wodza kudzagwira nchito kanthawi ndi kubwerera kwao. Nyumba inali ya nchito. Lamulo la m'caka ca 1948 linalamulira olemba anthu nchito kuti apezere anchito ao pogona, ndipo nyumba za ku Matero ndi Chilenje mu Lusaka zinamangidwira anthu otere. Koma nchito ikatha, nyumba inathanso. Amene analibe nyumba ya nchito anamanga timisasa pa mafamu a Azungu ndi pa malo a makampani ao. Ndico cifukwa cace makomboni ena achedwa maina acilendo kufikira lero, monga George, John Laing ndi John Howard.

Ufulu utafika mu 1964, zoletsa za kuyenda zinacotsedwa, ndipo anthu anakhamukira ku matauni. Pa kuwerenga anthu kwa 1963 dziko lonse linali ndi anthu ngati 3,500,000, ndipo a mu Lusaka sanafike 200,000. Pa kuwerenga kwa 2022 dziko linapitirira 19,600,000, ndipo Lusaka yekha anapitirira 2,000,000. Palibe Khonsolo imene ikadatha kumanga nyumba molingana ndi kucuruka kotere. Poyamba Boma linayesa kugwetsa makomboni. Litaona kuti nkosatheka, mu 1974 linaika lamulo lobvomereza ena a iwo ndi kupatsa okhalamo cilolezo ca zaka 30, ndipo ndi ngongole ya World Bank miseu ndi mipopi ya madzi zinalowa ku Chawama, George, Garden ndi Chaisa.

Zinthu ziwiri zinacitika pambuyo pace zimene zikhudza acinyamata a lero koposa. Mu 1975 Mtsogoleri wa dziko, a Kenneth Kaunda, analengeza kuti nthaka yopanda comangidwapo siyenera kugulitsidwa ngati malonda. Koma lamulo la malo la 1995 linatsegulanso msika, ndipo kuyambira pamenepo mtengo wa puloti pafupi ndi tauni wakwera kosabwerera. Ndipo mu 1996 a Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za Makhonsolo ndi za Boma zigulitsidwe kwa amene anali kukhalamo, zakale zina pa mtengo wocepa ndithu. Mabanja zikwi zambiri anasanduka eni nyumba caka cimeneco, ndipo cinali cinthu cokoma kwa iwo. Koma nkhokwe ikagawidwa, siigawidwa kawiri. Makhonsolo sanamangenso zambiri m'malo mwa zogulitsidwazo, ndipo mwana amene anabadwa caka comweco, amene tsopano ali wa msinkhu wofuna nyumba yace, apeza kuti palibe mndandanda wa Khonsolo wolembetsapo dzina monga anacitira atate wace. Ulesi wa ana suli gwero la bvuto ili.

Kuwerengera mtengo

Ambuye Yesu, pophunzitsa za kulemera kwa kumtsata Iye, anafanizira ndi munthu woyamba kumanga nsanja asanapende thumba lace, amene aika maziko, nalephera kutsiriza, nasanduka coseketsa ca odutsa. Tanthauzo la fanizolo liri la uzimu; koma analitenga pa cinthu cimene anthu onse anaciona ndi maso, ndipo cioneka kufikira lero. Woyenda m'mbali mwa Lusaka kapena Chipata aona makoma ofika pa mazenera, udzu utamera m'zipinda, mbuzi zitagona pamene panayenera kukhala pabalaza.

Acinyamata ophunzira ambiri ayamba kuganiza za banki. Alipo mabungwe okongoza ndalama za nyumba, ndipo lodziwika kwa ambiri ndilo Zambia National Building Society, lokhazikitsidwa mu 1970. Koma wokongoza afuna kuona pepala la malipiro a mwezi ndi mwezi, ndi cikalata ca umwini ca malo, cimene anthu acicha taitolo, cokhala cikole. Pamene acinyamata ocuruka agulitsa mu msika, ayendetsa minibasi, asoka, akhoma mipando, ndipo pepala la malipiro sanaliona. Ndipo kwa iye amene ali nalo patsala phiri la ciwongoladzanja, cimene pa zaka zambiri cakhala copitirira 20 pa 100 pa caka.

Ciwerengero cimodzi cikwanira. Munthu akakongola K400,000 pa ciwongoladzanja ca 25 pa 100, caka coyamba ciwongoladzanja cokha ciri ngati K100,000, ndiko kunena kupitirira K8,000 pa mwezi, ngongole yeni yeni isanakhudzidwe. Akabweza pa zaka 15, adzakhala atapereka kupitirira K1,500,000, pafupi fupi kanai pa zimene anatenga. Anchito ocuruka salandira K8,000 pa mwezi. Buku la Miyambo 22:7 lifanizira wokongola ndi kapolo wa amene anamkongoza, ndipo ciwerengero ici cionetsa kuti mau amenewo sanakalambe. Ngongole ya banki siiri cimo, ndipo wa malipiro akuru okhazikika akhoza kuisenza. Koma wakuti akalipira ngongole satsala ndi ya ufa ndi ya sukulu, asaiyandikire. Za kaloba, wa anthu okongoza m'makomboni amene afuna theka lina pamwamba mwezi ukatha, mau ace ngacidule: nyumba siimangidwa ndi kaloba, koma zambiri zatengedwa naye.

Mu April 2023 lamulo linalola wanchito amene wapereka ku NAPSA miyezi 60, kapena wafika zaka 45, kutapa 20 pa 100 ya zosunga zace. Ena agula nazo puloti kapena malata, nacita bwino. Akumbukire kokha kuti pa lamulo la 2023 kutapako kunali kwa kamodzi, ndi kuti atapa m'nkhokwe ya ukalamba wace.

Munda wa ku Anatoti

Popeza kugula nyumba yomangidwa kale kwakanika ambiri, njira imene yatsala ndiyo kupeza malo ndi kumanga pang'ono pang'ono. Pamenepa ndipo pali mbuna yaikuru koposa, ndipo nkhani ya Yeremiya iunikirapo.

Cinali caka cakhumi ca Zedekiya mfumu ya Yuda. Nkhondo ya mfumu ya ku Babulo inali itazinga Yerusalemu, ndipo mneneri anali wotsekeredwa m'bwalo la alonda. Pamenepo anadza Hanameli, mwana wa Salumu mbale wa atate wace, kudzamgulitsa munda wa ku Anatoti, kwao kwa Yeremiya, popeza mwa lamulo la Israyeli munda woturuka m'manja mwa munthu unayenera kuyamba waperekedwa kwa wacibale, kuti usacoke pa banja. Yeremiya anaugula ndi masekeli 17 a siliva, monga Mulungu anamuuziratu, kukhala cizindikilo kwa anthu otaya mtima kuti ukapolo udzatha, ndi kuti malonda a minda ndi nyumba adzabweranso m'dzikomo. Ici ndico ciphunzitso cacikuru ca mutuwo: munthu wa Mulungu anaika cuma cace pa lonjezano la Mulungu pamene maso sanaone ciyembekezo ciri conse, ndipo wacinyamata amene ayesa kuti sadzakhala konse ndi pace, atengepo mtima.

Koma tsono ayang'anenso umo mneneriyo anagulira. Wogulitsa anali mbale wace weni weni. Wolamula kugulako anali Mulungu mwini. Ndipo ngakhale ziri tero, Yeremiya sanati, Ndife amodzi, mau apakamwa akwanira. Siliva anayesedwa pa muyeso. Cikalata cinalembedwa, nicisindikizidwa, mboni nizilembapo maina ao. Panali makalata awiri, wina womata ndi wina wosamata, kuti wofuna kuwerenga awerenge wosamatayo, ndipo pakauka mlandu womatayo atsegulidwe. Zonse zinaperekedwa kwa Baruki mwana wa Neriya poyera, anthu a m'bwalomo alikupenya, ndipo zinaikidwa mu mtsuko wadothi kuti zisaonongeke. Cikhulupiriro ca Yeremiya sicinadane ndi pepala. Akristu ambiri atayika pamenepa, poyesa kuti kufunsa cikalata kwa mnzao wa mu Mpingo, kapena kwa malume, nkumnyoza. Ndipo milandu yowawa koposa ya malo ndiyo ya anthu amene anayamba ndi kukhulupirirana.

Lamulo la 1995 linena kuti nthaka yonse ya Zambia iri m'manja mwa Mtsogoleri wa dziko, woisungira anthu onse, ndipo iri ya mitundu iwiri: ya mafumu, yoyendetsedwa mwa mwambo, ndi ya Boma, imene munthu aibwereka, kawiri kawiri zaka 99, nalandira taitolo. Mapepala amene wogulitsa aturutsa sali olingana mphamvu. Taitolo ndiyo yolimba. Cilolezo ca zaka 30 ca m'makomboni obvomerezedwa cicokera ku Khonsolo, ndipo ciri ndi mphamvu yace, cinkana mabanki ambiri sacikonda. Kalata ya Boma yolonjeza puloti iri ciyambi cabe ca ulendo wa ku taitolo. Ndipo kapepala kolembedwa ndi wapampando wa cipani m'komboni, kangakhale ndi cidindo cacikuru cotani, kalibe mphamvu iri yonse pa bwalo la milandu. Pa zaka zambiri makada a zipani za ndale anagawa ndi kugulitsa malo a sukulu, a miseu ndi a eni ace ena, ndipo pofika tsiku la kugwetsa, ogulitsawo sanaoneke. Mu August 2022 nyumba mazana zomangidwa pa bwalo la ndege la Kasompe ku Chingola zinagwetsedwa, ndipo mabanja anagona panja pakati pa njerwa zao.

Cifukwa cace wogula asaturutse ngwee asanapite ku Unduna wa za Malo ndi nambala ya puloti, kukafufuza m'kaundula ngati dzina lolembedwamo ndilo la pa citupa ca wogulitsa, ndi ngati malowo sali cikole ca ngongole. Apitenso ku Khonsolo kukafunsa ngati pamenepo mpololedwa kumanga. Aone zikhomo za malire ndi maso ace, nafunse anansi a mbali zonse, pakuti puloti yogulitsidwa kwa anthu atatu anansi aidziwa. Pangano lilembedwe, mboni zisaine, ndipo ndalama zipite mwa banki kapena mwa foni, momwe mutsala umboni. Malipiro a loya aoneka ambiri tsiku lolipira, koma acepa powayerekeza ndi puloti yotayika. Ndipo wogulitsa wofulumiza, wonena kuti pali wina adza ndi ndalama mawa, ndiye woyenera kumcedwetsa.

Popeza malo a mu tauni akwera mtengo, acinyamata ambiri apita ku nthaka ya mafumu yozungulira, monga ku Chongwe, Chibombo ndi Kafue, kapena ku midzi yoyandikana ndi Chipata. Kumeneko nkochipa, koma kalata ya nyakwawa siiri taitolo. Kuti malo a mwambo asanduke a taitolo pafunika cibvomerezo colembedwa ca mfumu yaikuru, ndi ca Khonsolo, ndi ca mkuru wa za malo wa Boma, ndipo anthu amene malowo awakhudza ayenera kufunsidwa. Nkhani iyi ikhudza a kumudzi mbali inanso, pakuti tsopano iwo ndiwo ogulitsa. Malo akalowa m'taitolo sabwereranso ku mudzi. Naboti anakaniza mfumu Ahabu munda wa makolo ace, ngakhale anamlonjeza wina woposa. Ndipo Yesaya 5:8 adzudzula olumikiza nyumba ndi minda kufikira anzao asowa pokhala. Nyakwawa kapena mwini mbumba amene agulitsa dambo ndi msipu kwa olemera a ku tauni kuti agule njinga yamoto, adziwe kuti adzukulu ace adzacita lendi pa nthaka ya agogo ao.

Pomanga pace

Cikalata cikakhala bwino, malo eni ace ayang'anidwe, ndipo nyengo yoyang'anira ndiyo ya dzinja, mwezi wa January kapena February. Puloti yooneka youma mu September ikhoza kukhala thamanda mvula ikagwa. Fanizo la pa Mateyu 7 litama womanga pa thanthwe. Koma ku Kanyama mu Lusaka thanthwe liri pafupi pansi pa dothi, dziko nlacidikha, ndipo madzi a mvula asowa kopita, nasefukira m'nyumba, nasanganiza za m'zimbudzi ndi za m'zitsime zosaya. Kumeneko ndi ku makomboni ena otere ndiko kolera anasautsa anthu mu 2017 ndi 2018, ndiponso kuyambira mu October 2023, kufikira bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala kuciyambi kwa 2024. Puloti yochipa cifukwa ca madzi idzalipiritsa mwini wace caka ndi caka. Utali wa ulendo uwerengedwenso: amene amanga kutali, nalipira minibasi ziwiri kupita ndi ziwiri kubwera, nthawi zina apeza kuti yapaulendo yaposa lendi imene anaithawa.

Kumanga pang'ono pang'ono

Nyumba zocuruka za m'matauni a Zambia zinamangidwa ndi eni ace, thumba la simenti limodzi limodzi, pa zaka zambiri, ndipo palibe camanyazi m'menemo. Colakwa cofala ndico kuyamba ndi maziko a zipinda zisanu ndi cimodzi, cifukwa mnzace wa ku nchito anatero. Ndalama zonse zithera pansi, denga likhala loto, ndipo banja lisenza akatundu awiri, lendi ndi cimango. Wanzeru ajambulitsa nyumba yonse pa pepala, Khonsolo nibvomereza, koma amanga cimbudzi ndi zipinda ziwiri, nafolera, naika citseko, nalowa, cinkana makoma sanapakidwe ndipo magetsi sanafike. Kuyambira mwezi umenewo ndalama ya lendi isanduka ya simenti. Wolipira K1,000 pa mwezi apereka K12,000 pa caka, ndi K60,000 pa zaka zisanu. Ndiye phindu la kulowa msanga.

Posunga, ambiri athandizidwa ndi cilimba, momwe anthu odziwana asonkha mwezi ndi mwezi napatsa mmodzi mosinthana, ndi magulu osunga ndi kukongozana amene azimai a m'Mipingo awadziwa bwino. Ubwino wa cilimba ndiwo kuti ndalama ifika pamodzi, yokwanira kugula kanthu kooneka. Kuipa kwace ndiko kuti ciyenda pa kukhulupirika kokha, ndipo cifa tsiku limene wolandira poyamba aleka kusonkha. Ndalama ikafika isandutsidwe msanga zinthu zosaola: malata, mafelemu a zitseko ndi mazenera, mabuloko. Simenti yokha isagulidwe nthawi isanakwane, pakuti thumba logona miyezi pa cinyontho liuma ngati mwala. Mmisiri apangane naye mtengo wa gawo liri lonse, maziko paokha, makoma paokha, denga palokha, ndi kumlipira gawolo litatha. Ndipo tsiku losanganiza simenti ndi mcenga mwini nyumba akhalepo.

Pali cisoni cina cimene mabanja ambiri acidziwa, koma sacichula. Mwana ali kutali, ku migodi kapena kunja kwa dziko, atumiza ndalama kwa mbale wace kuti ammangire. Alandira zithunzi pa foni. Ndipo pobwera apeza mulu wa mcenga. Kawiri kawiri mbaleyo sanayambe ndi mtima wakuba: kunagwa maliro, mwana anadwala, feteleza anafunika, ndipo anati adzabweza. Koma ndalama yopatsidwa kusungira mwini iri yopatulika, ndipo woigwira alembe zonse m'buku, nasunge malisiti, monga woyang'anira amene adzafunsidwa. Wosakhoza kutero akane nchitoyo poyamba, cibale cisanaonongeke.

Gawo la makolo ndi la Mpingo

Kucita lendi sikuli kulephera. Buku la Macitidwe litsiriza ndi Paulo ali ku Roma zaka ziwiri zamphumphu m'nyumba yolipira, ndipo m'nyumba ya mwiniyo analandira onse odza kwa iye, nalalikira. Banja lacikristu liyamba tsiku la ukwati, silidikira taitolo. Ndipo makolo amene acedwetsa ukwati wa ana ao kufikira mnyamata atamanga ku tauni, kapena achula cimalo ndi phwando zomeza ndalama ya puloti, aika ana ao m'mayesero. Buku la Miyambo 24:27 liika nchito ya kumunda patsogolo, kumanga nyumba pambuyo. Kwa wa ku tauni munda wace ndiwo luso lace kapena malonda ace. Wogulitsa makina ace osokera kuti agule malata wadya mbeu.

Mwana wa ku tauni ayenera kulemekeza atate ndi amai ace ndi cuma cace. Lamulo limenelo silinasinthe. Koma makolo asiyanitse cosowa ndi cokhumba. Mwana mmodzi wolandira malipiro sangathe kusenza feteleza wa mbumba yonse, sukulu ya adzukulu onse, ndi nyumba ya malata kumudzi, namanganso yace. Kuli bwino banja likhale pansi pa nyengo ya Krisimasi, pamene ana abwera, lipangane poyera cimene mwana adzatumiza pa caka ndi cimene adzasunga. Ndipo funso lakuti ayambe kumanga kumudzi kapena ku tauni liribe yankho limodzi. Kumudzi malo ngaulere ndipo njerwa ziumbidwa pa culu. Koma nyumba yaikuru yotsekedwa miyezi khumi ndi umodzi pa caka idyedwa ndi ciswe, mwini wace alikulipira lendi kwina. Kumene munthu agona masiku ambiri ndiko kuyenera kuyamba, ndipo kanyumba kakang'ono kumudzi kakwanira kusunga dzina lace pa malo a makolo.

Eni nyumba za lendi ambiri ali Akristu, ena ndi akuru a Mpingo. Nehemiya 5 asimba za Ayuda amene anapinyolitsa minda ndi nyumba zao kwa abale ao m'nyengo ya njala, ndi umo Nehemiya anadzudzulira akuruwo pamaso pa msonkhano kufikira anabweza. Mkristu wokweza lendi kawiri pa caka, cimbudzi ciri codzala ndipo denga lidontha, awerenge mutu umenewo.

Dzina la pa cikalata

Nyumba ya ku tauni kawiri kawiri imangidwa ndi anthu awiri: mwamuna agula simenti, mkazi adyetsa banja ndi phindu la tomato ndi zitumbuwa, kapena mkazi ndiye wa malipiro. Lamulo lilola kuti maina onse awiri alembedwe pa taitolo, ndipo nkwabwino kutero. Mwa mwambo wa Acewa cuma ca mwamuna cinapita kwa abale ace ndi ana a mlongo wace, ndipo mwambowo unali ndi nzeru yace masiku amene mkazi ndi ana anatsala pa mudzi wao ndi minda yao. Ku tauni wamasiye alibe mudzi wotsalirapo. Akalandidwa nyumba, ali pa mseu.

Lamulo la 1989 la cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo ligawa motere: 50 pa 100 kwa ana, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 20 kwa makolo a womwalirayo, ndi 10 kwa ena amene anali kuwasunga. Koma nyumba iri ya wotsalayo ndi ana, ndipo wamasiye akhalamo moyo wace wonse, pokhapo akakwatiwanso. Kumlanda ndi mlandu pa Boma, ndipo abale ocokera kumudzi kudzalira maliro adziwe cimeneci asanakwere basi. Lamulo limeneli silikhudza nthaka ya mafumu. Cifukwa cace womanga pa malo a mwambo ali ndi cifukwa coposa ca kulemba wilo, wosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, ndi kudziwitsa nyakwawa ndi akuru a mbali zonse ziwiri akali moyo. Kulemba wilo sikuitana imfa, monga ena aopa.

Mapepala onse, taitolo, pangano la malonda, malisiti a Khonsolo ndi wilo, asungidwe m'citini cotseka bwino, kosafika ciswe, mvula kapena moto, ndipo ena ofanana nao aikizidwe kwa munthu wokhulupirika wa kunja kwa nyumbayo, monga Yeremiya anaikiza ace kwa Baruki. Abusa kapena mkuru wa Mpingo akhoza kugwira nchito imeneyi. Mkazi adziwe pamene citinico ciri ndi zimene ziri m'katimo, ndipo ana akafika pa msinkhu aonetsedwe zikhomo za malire.